Buku Loyera la Mayi Phwanya

Dzina loti Mayi Phwanya anawapatsa ndi madalaivala a malole, ndipo linawakanirira. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ntchito yawo inali kuphwanya basi. Kampani ikamamanga nyumba kapena mlatho, amisiri ankatapako konkire pang'ono n'kuthira m'tizikombole tachitsulo, n'kutuluka timiyala tamakona totchedwa makiyubu. Makiyubuwo ankabwera kulabu, n'kugona m'thanki ya madzi masiku 28. Akakwana, mayiwa ankawavuula, kuwapukuta, n'kuwaika pamakina ofinya mpaka atati phwa! Pomwe singano yaima, ndiyo mphamvu ya konkireyo. Nambalayo ankailemba m'buku lalikulu lachikuto chobiriwira, n'kusaina.

Labuyo inali chipinda chimodzi kuseri kwa maofesi, zenera limodzi, fumbi mpaka m'mano. Anayamba ntchito mwana wawo woyamba ali kupulayimale, ndipo pano mwanayo ndi namwino, ali ndi ana awiri. Digiri analibe. Mainjiniya achinyamata akamafika kumene, ankabwera kwa iwo mwaulemu, manja kumbuyo, kudzafunsa kagwiridwe ka kiyubu. Pakangotha zaka ziwiri, omwewo ankawakodola ndi chala ali pafoni.

Ndiye kunabwera maphunziro a masiku asanu. Chikalata chinamatidwa pakhoma kuti mainjiniya khumi ndi anayi aphunzira za nyuro netiweki, nzeru zophunzitsa kompyuta kuti izilosera yokha. Dzina la Mayi Phwanya panalibe, ndipo sanadabwe. Chinawapsetsa mtima n'choti milungu itatu maphunziro asanayambe anawakhazika pakompyuta kuti akopere mabuku onse obiriwira, makiyubu oposa zikwi khumi, ndi zala ziwiri, maso akutuluka misozi. Woti angowauza kuti manambalawo akupita kuti, sanapezeke.

Lachitatu anawaitana kumtunda, kuchipinda cha maphunziro, chifukwa mphunzitsi sankamva zidule zina za m'bukumo. Mphunzitsiyo anali mtsikana wa ku yunivesite, wowonda, wolankhula mofulumira. Atamuyankha, palibe anawauza kuti azipita, ndiye anakhala kumbuyo pafupi ndi makapu a tiyi. Pabolodi panali timizere tolumikiza timadontho, ngati ukonde.

"Chinthuchi sichidziwa konkire," anatero mphunzitsi. "Timachiuza simenti yomwe inalowa, mchenga, madzi ndi masiku. Icho chimalota mphamvu yake. Tikayerekeza ndi za m'buku n'kupeza kuti chaphonya, chimakonza pang'ono timizereti, n'kulotanso. Chikatero kambirimbiri chimazolowera. Koma musaiwale, chimadziwa zokhazo zomwe mwachionetsa."

Mainjiniya awiri anali akuwodzera. Mayi Phwanya anamva zonse, ndipo mawu omalizawo anawalowa mpaka m'mafupa.

Kompyuta itamaliza kuphunzira, inkalondola pafupifupi kiyubu iliyonse. Anthu anaomba m'manja. Mnyamata wina wanthabwala, injiniya wa misewu, analembamo madzi ochuluka oti konkire yake ingakhale phala lenileni. Kompyuta inati konkireyo ndi yolimba. Chipinda chonse chinafa ndi phwete.

Mphunzitsi yekha sanaseke. "Kodi m'zaka zonsezi palibe kiyubu inalepherapo?"

"Pano timagwira ntchito, mayi," anayankha injiniya wamkulu, amene onse ankangomuti bwana. Kenako anaimirira, n'kukoka lamba wa buluku, n'kulengeza kuti zodikira masiku 28 zatha. Ayambira pa hositelo ya atsikana yomwe kampani inkamanga. Silabu ya pamwamba, denga lakonkire, inathiridwa masiku asanu ndi anayi apitawo, kompyuta yati yalimba kale, choncho Loweruka achotsa mitengo yochirikiza kuti omanga njerwa alowe pansi pake.

Makiyubu amalephera, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa. Pakampanipo panali kachitidwe kake. Kiyubu ikalephera, Mayi Phwanya ankaimbira foni injiniya wa ntchitoyo, ndipo yankho linali limodzimodzi: "Musalembe kaye, yesani inzake." Zikalephera zonse, uthenga unkapita kumalo omanga mwakachetechete, n'kukagumula kapena kuphimba, kenako kunkabwera makiyubu atsopano. Buku linkayenera kukhala loyera chifukwa eni nyumba ndi oyendera ntchito ankaliwerenga. Tsopano anthu ophunzira atenga bodza lawo lomwe, aliphunzitsa makina, makinawo awabwezera, iwo n'kuliombera m'manja! Ndipo makiyubu a masiku asanu ndi awiri a hositeloyo anali atawaphwanya iwo omwe Lolemba. Ananyenyeka ngati dothi, mchenga wake unali wamatope. Pofunika 17 panatuluka 11, ndipo bwana anati asalembe kaye.

Atafika kunyumba anapeza amuna awo ali pakhonde, akupalasa makina osokera, mayunifolomu a sukulu ataunjikana pambali. Anawafotokozera zonse asanavule ndi nsapato zomwe.

Bambowo anachotsa singano zomwe analuma pakamwa. "Amayi a mwana, mwatsala ndi zaka zitatu kuti mupume. M'bukumo mwasaina ndani?"

"Ndasaina ine."

"Nanga abwana anuwo anakulemberanipo papepala kuti musalembe?"

"Mwayamba kulankhula ngati iwowo!"

"Ine ndikungofunsa zomwe akakufunseni."

"Pansi pa silabu imeneyo palowa anthu Loweruka. Ikapirira, mudzagona ana a eni ake. Mayunifolomu mukusokawa, mukuti avala ndani?"

Bambowo anapitiriza kupalasa makina, koma msoko unakhota, n'kuyamba kusomola. Mayi Phwanya anawakwiyira madzulo onse, makamaka chifukwa sananame.

Lachinayi m'mawa anayamba kwa bwana, monga mwa ulemu. Anaima pakhomo la ofesi n'kuwakumbutsa za 11 uja.

"Mayi, izi ndi za masamu," anatero bwanayo osadzutsa ndi mutu womwe. "Zinthu zapita patsogolo. Inu kaphwanyeni makiyubu anu."

Anatuluka bwinobwino, chitseko osamenyetsa. Anakwera masitepe, n'kulowa m'chipinda cha maphunziro osagogoda, ovololo ili mbuu ndi fumbi.

"Aphunzitsi, dzulo munafunsa funso ndipo anakunamizani. Tiyeni kulabu. Nanunso mainjiniya, tiyeni, njira mukuidziwa."

Anatsika onse, ena akuseka chamumtima poganiza kuti mayi wafumbi wazungulira mutu. Atadzazana m'kachipindako, Mayi Phwanya anatseka chitseko, chomwe masiku onse chinkakhala chotsegula chifukwa cha kutentha. Kuseri kwake khoma linali bii ndi pensulo, kuyambira pamwamba pa mutu mpaka m'mawondo: tsiku, malo, nambala, ndi mawu awiri atatu, monga "madzi ambiri" kapena "mchenga wakuda". Pansi penipeni panali hositelo ndi 11 wake.

Tisawakometse, sanalembe pakhomapo chifukwa cha kulimba mtima. Akanakhala olimba mtima akanalemba m'buku. Kungoti dzanja lawo linkakana kutaya nambala yomwe makina anena, ndiye ankaibisa pomwe bwana sangayang'ane, n'kukasaina bodza lija. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi! Ataima pamenepo anthu akuwerenga, anadzida okha kuposa mmene ankadera wina aliyense m'chipindamo.

Mphunzitsi anatulutsa foni n'kuyamba kujambula khomalo chigawochigawo. Masana onse kalasi inakhala ikulowetsa manambala, oposa mazana asanu ndi limodzi, Mayi Phwanya akuwerenga mokweza pomwe pensulo inafufutika. Kompyuta inaphunziranso. Ataifunsa za madzi ochuluka aja, inati konkireyo ndi yofooka. Ataifunsa za hositelo, inati silabu sinalimbe, ndipo mwina silimba n'komwe.

"Phunziro la sabata ino ndi limeneli," anatero mphunzitsi. "Zina zonse mukhoza kuiwala." Anaonjeza kuti lipoti lake likanena zonse, ndipo mitengo ija asaikhudze. Bwana anavomera ndi mutu, nkhope ili gwa.

Zochotsa mitengo Loweruka zinathera pomwepo. Koma Lachisanu m'mawa kalata inawapeza Mayi Phwanya ali pathanki. Inati aimitsidwa ntchito chifukwa cholemba zotsatira zabodza kwa zaka zambiri, apereke makiyi, ndipo Lolemba akaonekere ku komiti. Anaiwerenga kawiri. Dzina linalimo linali lawo lokha, ndipo inali yosainidwa ndi bwana yemwe uja.

Anavula ovololo, n'kutseka labu, n'kukwera kukapereka makiyi. Pakhonde la kumtunda anapeza mainjiniya atandanda mizere iwiri, aliyense setifiketi pachifuwa, bwana ali pakati, mphunzitsi ataima kumapeto ngati womukakamiza. Ankasowa wowajambula. Wanthabwala wa misewu uja, amene mayiwa anamuphunzitsa kusiyanitsa mchenga ndi dothi, anawaona n'kuwatambasulira foni.

"Mayi, mwabwera bwino. Tatijambulani."

Mayi Phwanya anaiyang'ana foniyo, n'kumuyang'ana mwini wake. Kenako anaika makiyi ndi kalata pansi, n'kuilandira. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti onse akwane. Pagalasipo nkhope za mainjiniya zinaoneka bwino, khumi ndi zinayi kuphatikiza ya bwana, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe mwini wake sanawauzepo pafoni kuti asalembe kaye, kiyubu yake italephera.

"Inu a kumapeto, senderani mkati, musabisale," anatero. "Kwezani masetifiketi. Eya."

Anajambula katatu.

"Achimwene, chithunzichi munditumizire lero lomwe," anatero pobweza foni. "Lolemba ku komiti ndikufuna ndikaloze mmodzimmodzi, ndi tsiku lomwe anandiuza kuti ndisalembe. Masiku ake ali pakhoma paja, ndipo aphunzitsi anajambula kale. Ine ndasaina, ndivomera zanga. Inu mukavomera zanu."

Wa misewu anatsala atagwira foni m'malere, mano ali pamtunda, kumwetulira kutamuumira pankhope. Mayi Phwanya anatola kalata yawo, makiyi n'kuwasiya pomwepo pansi kuti wowafuna awerame.