Olive Longwe ndi Setifiketi ya Dzina la Mwamuna

Mayi Olive Longwe akhala akuchapa nsalu zapabedi pa loji ina pafupi ndi Kande kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Manja awo ndi okhakhala ndi sopo, mawu awo ndi okweza, ndipo pa Chintheche aliyense amadziwa kuti sachedwa kupsa mtima. Ndi ochepa amene amafunsa chimene chinawapsetsa.

Mu 2016 kunabwera namwino wina kudzaphunzitsa antchito apaloji chithandizo choyamba. Ambiri anapitira tiyi. Mayi Longwe anagwada pambali pa chidole cha pulasitiki masiku atatu mpaka mawondo anasupuka: kudinikiza pachifuwa kamakumi atatu, kuuzira mpweya m'kamwa kawiri, n'kuyambiranso.

Patapita miyezi isanu, mwera unagubuduza bwato m'mawa wina pafupi ndi pomwe ankayanika nsalu. Asodzi anavuula mnzawo, Jeremiah Mhone, atatuwa, osapuma. Ena anayamba kulira maliro, ena ankafuna kumuzondotsa kuti madzi atuluke.

"Mugonekeni chagada! Patukani!" anakuwa Mayi Longwe.

Anamuuzira mpweya, nadinikiza mpaka anamva nthiti ikuthyoka pansi pa manja awo. Sanaleke. Jeremiah anatsokomola, nasanza madzi, ndipo galimoto yapaloji inathamangira naye kuchipatala.

Wothokoza sanaoneke. Amene anafika pakhomo pawo ndi Lucy, mkazi wa Jeremiah, ndi abale ake awiri.

"Mwamuthyola nthiti mwamuna wanga, mwezi wonse sapita panyanja," anatero Lucy. "Komanso pakamwa panupo pankafuna chiyani pakamwa pake, anthu onse akuona?"

Nkhaniyo inakafika kwa akulu ampingo. Atawaitana Mayi Longwe, mkulu wina anafunsa mofatsa ngati panalibe mwamuna woti achite zimenezo.

"Amuna analipo khumi ndi awiri, ada," anayankha Mayi Longwe ataimirira. "Onse anali atagwira m'chiuno. Mukanakonda kuti lero tikhale kumanda tikuimba nyimbo? Nenani, ndikamubweze m'madzimo."

Chilango akuluwo sanawapatse, koma kuwapepesanso ayi. Mayi Longwe anatuluka m'tchalitchimo, ndipo sabata yomweyo anakulunga chigubu ndi pilo m'nsalu yakale, n'kuchijambula mphuno ndi pakamwa ngati chidole chija. Anati ngati pakamwa pawo pakunyansa anthu, amuna khumi ndi awiri aja aphunzire okha. Anayamba ndi asodzi atatu. Kenako wantchito aliyense watsopano paloji ankayamba wagwada pa chigubucho asanagwire tsache kapena mpeni.

Mu 2022 kunabwera manijala watsopano wochokera ku Blantyre, bambo Maxwell.

"Amayi, za inu ndamva, ndipo sindikutsutsa," anatero. "Koma eni ake a loji ino akufuna kuti wophunzitsa akhale ndi setifiketi ya pa intaneti."

Mayi Longwe anasiyira sukulu Sitandade 8. Mafunso a mayeso a setifiketiyo anali m'Chingerezi, timalemba ting'onoting'ono pa foni yong'aluka galasi. Katatu konse netiweki inaduka ali mkati mwa mayeso. Kachinayi anapempha kompyuta ya mu ofesi, nakhala maola awiri akuwerenga ndi chala, ndipo anakhoza. Setifiketi itatuluka m'makina, inali ya bambo Oliver Longwe.

Manijala anaiyerekeza ndi chitupa chawo, n'kupukusa mutu. "Uyu ndi munthu wina. Eni ake sangalandire."

Mayi Longwe anaimbira foni kampani ya maphunziroyo. Inawaimbira nyimbo mpaka mayunitsi anatha. Mawa lake anayankha mtsikana wa mawu ofewa.

"Pepani amayi, ndi kompyuta yalemba choncho. Tumizani imelo ndi chithunzi cha chitupa, mudikire masabata atatu."

"Mwana wanga, munthu akamira amakhala ndi mphindi zowerengeka. Inu kufufuta chilembo chimodzi masabata atatu? Ndipatse wamkulu wako."

"Ali kumsonkhano, amayi. Pali china choti ndikuthandizeni?"

"Choyambacho wandithandiza?"

Masabatawo asanathe, ntchito yophunzitsa inapatsidwa kwa Fraser Kamanga, wolandira alendo, amene anamaliza maphunziro omwewo m'theka la ola akuonera mavidiyo. Atamva, Mayi Longwe analowa mu ofesi ndi nsalu zonyowa m'manja, n'kuzikhutula pa tebulo la manijala.

"M'nyanjamu mukagwa mlendo, mudzamuike pepalalo pachifuwa, tione ngati adzapume!"

Manijala anawalembera kalata yowachenjeza. Anasaina, chifukwa kunyumba kunali ana anayi apasukulu. Chigubu anachichotsa paloji tsiku lomwelo, nayamba kuphunzitsa Loweruka lililonse kugombe, pansi pa mtengo wa mango.

Fraser anaphunzitsa kamodzi. Wophika wina atamufunsa kuti munthu amadinikiza mwamphamvu bwanji, iye anayang'ana pa foni, yankho osalipeza. Masana ake anazemba n'kupita kochapira.

"Ama, ndionetseniko pompano, anthu asadziwe."

"Ayi. Loweruka, kugombe, pamaso pa onse."

Anapitadi. Anagwada pakati pa asodzi ndi amayi oyanika usipa, malaya ake oyera akuda ndi mchenga. Mayi Longwe anaima pambali pake akuwerenga mokweza.

"Wongola zigongono! Ukusisita mwana? Dinikiza!"

Anamubwezetsa kasanu ndi kawiri, mpaka thukuta linamulowa m'maso. Atatha anamuuza kuti abwerenso sabata yamawa, adzaphunzire za mwana wotsamwa, ndipo abwere ndi ophika onse.

Setifiketi yokonzedwa inafika patatha miyezi inayi. Dzina anali atalikonza, koma mawu oti bambo anali pomwepo. Mayi Longwe sanaipereke kwa manijala. Anagula mayunitsi, nakhala pa mwala wochapira, n'kuimbanso foni ku kampani ija.