Dzina la a Chiukepo pa Mwala

A Lyton Kachingwe akhala akuzokota mayina a anthu akufa pa miyala kwa zaka makumi anayi ndi zitatu. Anabadwira ku Nguboyenja, mu mzinda wa Bulawayo. Bambo awo anachoka ku Ntcheu wapansi, nadzagwira ntchito ya njanji mpaka kufa. Sukulu a Lyton anailekeza panjira. Ntchito anaiphunzira ndi tchizulo ndi hamala, nthawi imene chilembo chimodzi chinkatha theka la ola, ndipo ukaphonya panalibe wokumvera chisoni.

Si munthu wosangalatsa kukhala naye. Akazi awo, mayi Erica, amanena okha zimenezo. Mpando ukamagwedera amaubweza kwa kalipentala. Telala akakhotetsa thumba la malaya amamusomoletsa iwo ataima pomwepo. Liwu limene amadana nalo kwambiri ndi la Chindebele lakuti kulungile, zili bwino, chifukwa mu Bulawayo muno anthu amalinena pa chinthu chimene aona ndi maso awo kuti sichili bwino.

Ntchito yawo yomaliza inali ku Kelvin, dera la mafakitale, pa malo a Jasper, mwana wa mlongo wawo. Jasper anagula kompyuta yodula zilembo pa pepala lomata, ndi makina opopera mchenga. Dzina limatuluka m'mphindi makumi awiri. A Lyton sankadana ndi makinawo. Chinkawanyansa n'chakuti panalibe wowerenga zimene makina alemba.

Lachitatu lina m'mawa anapeza mwala wakuda utatsamira khoma, wothaitha, ukudikira lole. Anawerenga: TSHIWUKEPHO LONGWE. Anawerenganso. Malemuwo ankawadziwa. Anali a Chiukepo Longwe a ku Emakhandeni, kwawo ku Rumphi, amene anaphika buledi m'bekale moyo wawo wonse.

"Iwe Jasper! Walemba ichi ndani?"

"Ine, malume. Anandiuza pa foni."

"Ndiye unalemba ndi khutu?"

M'Chindebele ch ndi kaphokoso koswa lilime kumano. Liwu limene ife timalemba ch, iwo amalemba tsh. Jasper sukulu yonse anaphunzira m'Chindebele, choncho analemba monga anamvera.

"Limamveka chimodzimodzi, malume," anatero Jasper. "Mwalawu ukupita Lachisanu. Loweruka akuvundukula chiliza, abale afika kale kuchokera ku Joni."

"Limamveka? Mwala umamveka? Mwala umawerengedwa, iwe!"

Jasper anaimbira foni Ethel, mwana wa malemu, kuti adzaweruze yekha. Anafika masana. Ethel Chichewa amamva, koma kuyankhula chimamulemera. Anayang'ana mwala uja kanthawi, nakweza mapewa.

"Aa, baba, kulungile. Ife tikudziwa kuti ndi adadi."

Apa ndiye a Lyton anapsa mtima kwenikweni. Jasper anali waulesi chabe. Uyu anali mwana wobala malemu.

"Inu mukudziwa, mayi. Nanga mukadzafa inuyo? Wina adzachokera ku Rumphi kudzafuna manda a mbale wake, adzadutsa pamenepa osaima. Munthu anasiya kwawo, anasiya munda. Chimene anabwera nacho n'dzina. Ilonso mukuti kulungile?"

Ethel anayang'ana Jasper. Jasper anayang'ana wotchi.

"Mwala wina palibe," anatero Jasper. "Mwini wake wavomera. Ndipo malo ano ndi anga, malume. Ukwera lole momwemo."

A Lyton sanatsutse. Anapita kukatenga galayinda yopalira miyala, anailumikiza ku magetsi, naidutsitsa pakati pa dzina lija kuyambira pa T mpaka pa O. Fumbi linati kobo. Ethel anakuwa. Jasper anathamanga kukazula waya, koma anachedwa.

"Tsopano ukweze," anatero a Lyton.

Ethel anatuluka akutukwana m'Chindebele. A Lyton anamva zonse, sanatembenuke. Anagoneka mwala pa tebulo nayamba kupala nkhope yake yonse mpaka zilembo zakale zitatha, dzina, mfunda ndi masiku omwe. Kenako kusalaza ndi madzi, pang'onopang'ono, mpaka mwala unayambanso kuonetsa nkhope ya munthu. Zimenezo zinadya Lachitatu lonse lotsala ndi Lachinayi m'mawa.

Atangomaliza kusalaza, magetsi anazima. Makina opopera mchenga anangoti zii.

"Mwaona?" anatero Jasper. "Mwandipha, malume. Ndikawauza chiyani anthu aja?"

"Ukawauze kuti dzina likulembedwa. Choka, ukunditchingira kuwala."

Anajambula zilembo ndi pensulo, anatulutsa matchizulo awo akale m'thumba, nayamba kugogoda. Msana unawawa. Manja a zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu sagwira ngati kale, ndipo kawiri konse anaima kupumula. Sanafulumire. Lachisanu lole inafika iwo ali pa nambala yomaliza ya chaka. Dalaivala analiza hutala.

"Muuze adikire. Kumanda sathawako munthu."

Cha m'ma fili koloko mwala unakwera lole, wochepako thupi pang'ono, wolembedwa CHIUKEPO LONGWE. Jasper anayendetsa chala m'zilembo zija kufuna pamene palakwika. Sanapapeze.

"Ntchito ndi yabwino, malume," anatero lole itatuluka pageti. "Koma Lolemba musabwere. Sindingasunge munthu wowononga katundu wanga pamaso pa kasitomala."

"Wanena zoona. Inenso sindikanamusunga."

Anakulunga matchizulo m'chisaka, anasamba fumbi m'manja pa mpopi. Potuluka anaima pa mwala wina umene Jasper anali atamatapo pepala la zilembo, kudikira kuti magetsi ayake.

"Uyu wamulemba kuti anamwalira pa 31 Juni. Juni alibe 31."

Anapita kukakwera kombi ya ku Nguboyenja.