Kapepala Kamene Ndinaponya M'chimbudzi ku Bangwe

Ndikukumbukira bwino lomwe Lachitatu limenelo, chifukwa ndi tsiku limene ndinawalakwira amayi anga, ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, tikukhala ku Bangwe m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri.

Amayi ankagulitsa tomato, koma Bangwe yense ankawadziwa ndi ntchito ina. Pa chinkhoswe, mukudziwa, akuchikazi amatulutsa anthu ofundidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuti mwamuna aloze wake. Woyamba kuvundukulidwa amakhala wabodza, ndipo kwathu wabodzayo ankakhala amayi anga. Akangochotsa chitenje, mayo ine! Nkhope ili mbuu ndi ufa, mano awiri akutsogolo atawadetsa ndi makala, m'mimba atayikamo pilo. Ena akavundukulidwa amangoseka n'kuchokapo. Amayi ayi. Ankamukakamira mnyamatayo pamkono n'kuyamba kulira kuti anawalonjeza ukwati pa siteji ya minibasi ku Limbe, akutchula tsiku lake ndi malaya amene anavala. Ankhoswe ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi mataye awo.

Ine zinkandinyansa, ndisaname. Kusukulu anzanga ankanditcha mwana wa mkwatibwi wabodza, ena n'kumanditsatira atatukumula mimba. Ndinkalakalaka mayi wofatsa ngati amayi a anzanga, woimba kwaya basi.

Pa chinkhoswe china ku Chinyonga panali mayi wina amene ankakonza masewero a pa TV. Masiku amenewo oseketsa amene tinkawaona pa TV ya aneba anali amuna okhaokha, ndipo akafuna mkazi woseketsa, mwamuna ankangomanga duku. Mayiyo anawakokera amayi pambali n'kuwauza kuti adzawafuna. Amayi anafika kunyumba akuvina, ufa usanachoke n'komwe kumaso.

Lachitatu lotsatira masana, amayi ali kopikula tomato ndipo aneba onse ali kumaliro, pakhomo panafika mayi wovala magalasi, nsapato zake zitafiira ndi fumbi la msewu wathu. Anali yemweyo wa masewero. Anandipatsa kapepala kopinda.

"Amayi ako akabwera uwapatse aka. Abwere Loweruka m'mawa, tikuyamba kujambula. Uwauzenso kuti ine sindinaonepo munthu wodziwa kuseketsa ngati iwo."

Ndinalandira ndi manja awiri, kugwada n'kugwada, mwana wolemekeza. Atangokhota pa mpopi, ndinayamba kuganiza za anzanga akuwaona amayi pa TV ndi mano a makala aja. Osatinso Bangwe yekha, koma Ndirande, Machinjiri, dziko lonse. Ndinapita kuseri n'kuponya kapepalako m'chimbudzi. Sindinakawerenge n'komwe.

"Tadala, palibe amene anandifuna?" anafunsa amayi akutula dengu.

"Palibe."

Anandifunsa funso limenelo tsiku lililonse kwa pafupifupi mwezi. Anayamba kuweruka msanga kumsika kuti mlendo asawaphonye. Kukamveka galimoto kumsewu ankatuluka kukasuzumira, kenako n'kubwerera akunamizira kuti amakaona zochapa. Ine ndinkangoweramira pa kope langa.

Tsiku lina anabwera a Nambewe, mnzawo wa kumsika, kudzawaitanira ku chinkhoswe cha mwana wawo. Ndinali kutsuka mbale pafupi, ndipo ndinamva zonse.

"Pezani wina, asisi," anatero amayi. "Anthu odziwa ntchito anandiona, sanabwerenso. Ine ndimayesa ndi luso, kani ndi uchitsiru chabe."

A Nambewe anachonderera, koma amayi anakana. Sanafundenso chitenje pa chinkhoswe chilichonse. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma tsiku limenelo ndinasangalala. Kusukulu dzina lija linatha, ndipo ine ndinaona ngati ndapambana. Sindinazindikire kuti m'nyumba mwathu mwachepa phokoso, kuti amayi asiya ngakhale kuyerekeza mayendedwe a alandilodi, zimene zinkatigwetsa ndi phwete.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo amayi amakhala nane ku Zingwangwa. Akazi oseketsa ali ponseponse tsopano, pa TV, m'mafilimu, m'mafoni. Amayi sawaphonya. Amakhala pampando wawo, kuseka, n'kumati, "Atsikanawa ndiye ali ndi luso, osati zathu zija." Mawu amenewo ankandibaya nthawi iliyonse, mpaka chaka chatha ndinalephera kupirira. Anali kusankha nyemba pakhonde. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, ndikuyembekeza kukalipiridwa.

Anasiya kusankha nyemba zija, manja ali m'lichero.

"Ndiye kuti mayi aja anabweradi?"

"Anabwera, amayi."

"Anati chiyani?"

"Anati sanaonepo munthu wodziwa kuseketsa ngati inu."

Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Sanandifunse chifukwa chake ndinachita zimenezo, ndipo za TV sanazitchule n'komwe. Anangopukuta m'maso ndi m'mphepete mwa chitenje n'kupitiriza kusankha nyemba zawo.

Zaka zonsezi ndinkadziimba mlandu wowaphonyetsa ntchito ya pa TV. Pakhonde paja ndi pamene ndinamvetsa kuti mlandu wanga ndi wokulirapo. Mwina ntchitoyo ikanatha pa sewero limodzi, sindikudziwa. Koma munthu wodziwa anawayamikira amayi anga, uthengawo anaupereka kwa ine, ndipo ine ndinawasiya akhale zaka zoposa makumi awiri akudziyesa chitsiru.