Nkhuku Sitizigwadira

Chivindikiro cha chitini cha polishi wa nsapato ndidakali nacho mpaka lero. Chinachita dzimbiri, m'mphepete chinapindika, ndipo adzukulu akachipeza m'kabati amandifunsa chomwe ndimasungira zinyalala. Ndimangoti bwezerani pomwe mwachitengapo. Imeneyo inali mbale yanga ndili mu Sabu A, kalasi yoyamba, nthawi ya Chitaganya, dzinja lija anthu ankatengedwa pa malole osatsazika ndi ana awo omwe.

Tinkakhala ku Chirimba, m'nyumba yaudzu ya zipinda ziwiri. Bambo ankasankha fodya ku Limbe, kuchoka m'mawa kubwera madzulo, choncho za pakhomo zonse zinali m'manja mwa amayi. Amayi anga sankakhulupirira munthu. Makolo awo anathawa chibalo kwa Apwitikizi, ndipo iwo anakula akumva kuti munthu wokulemba m'buku sakulembera zabwino.

Aphunzitsi athu anali mayi wachitsikana, wongobwera kumene kuchokera ku Halale komwe anakaphunzira. Anabwerako ndi nzeru zachilendo. Pakona ya kalasi anatchingapo ndi mabokosi a sopo ndi ziguduli, n'kupanga kanyumba, kagolosale ndi basi ya mipando inayi. M'kanyumbamo munali mbale za zivindikiro, mtondo wa chitini cha mkaka, ndi mwana wa chitsononkho wokulungidwa m'kansanza. Munkanunkha sopo ndi dothi lonyowa. Tikatha kuimba a e i o u, ankatimasula kuti tikasewere, iwo n'kukhala pakampando ndi kabuku kachikuto chobiriwira, kumalemba.

Masanje m'kalasi! Makolo anang'ung'udza. Aphunzitsi ankati mwana akamasewera amaphunzira kuwerenga mbale, kulonjera mlendo ndi kudikira mnzake. Amayi sanagwirizane nazo. "Masanje amafuna mphunzitsi? Nanga akulembamo chiyani m'bukumo?" Masiku amenewo chilichonse chochokera ku Halale anthu ankachiyang'ana ndi diso limodzi, ndipo mawu akuti kapirikoni, kutanthauza munthu wogulitsa anzake kwa boma, ankanong'onedwa ngakhale pakhomo la tchalitchi.

Ine zimenezo sizinkandikhudza. Ndinalimbana ndi atsikana atatu kuti ndikhale amayi a m'kanyumbamo, ndipo ndinapambana chifukwa ndinali ndi makani. Umayi umenewo ndinkaukonda kuposa chakudya.

Ndiye kunabwera amalume. Anali mlongo wawo wamkulu wa amayi, mwini mbumba wathu, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Akuti ankayendetsa makalata a misonkhano m'mitolo ya nsalu, ndipo apolisi ankawafuna. Anafika masana mvula ikuwaza, nsapato zili m'manja. Amayi anawalowetsa m'kanyumba kosungira nkhuni kuseri, pafupi ndi khola la nkhuku. Kenako anandigwira khutu. "Amalume ako ali ku Mulanje. Ali kuti?" Ndinati ali ku Mulanje. "Ukangotsegula pakamwapo, awatengera kumpanda wa waya, ndipo sudzawaonanso."

Pakamwa ndinatsekadi. Zimenezo ndilumbira mpaka lero, sindinauze munthu.

Tsiku lililonse amayi ankaika chakudya m'mbale, kuvindikira, kuika m'lichero, pamwamba kansalu, pakansalupo gaga. Ankatuluka akulankhula mokweza kuti oyandikana nawo amve: "Ndikapatse nkhuku." Ine ndinkawatsatira n'kusuzumira pangodya. Akafika pakhomo la kanyumba kankhuni ankayang'ana uku ndi uku, kenako n'kugwada, kuomba m'manja kawiri pang'onopang'ono, n'kukankhira mbale mkati. Mantha anali nawo, inde, koma kupereka chakudya kwa mlongo wawo wamkulu ali chiimire, ayi, zimenezo thupi lawo silikanalola.

Lachitatu lina ndinaphika matope anga bwinobwino, ndiwo zake masamba a bonongwe. M'nyumba yathu yamasewera tinali atatu, koma ine ndinapakula mbale zinayi. Yachinayi ndinaivindikira ndi tsamba, kuwaza mchenga pamwamba, n'kunena mokweza kuti ndikapatse nkhuku. Ndinazungulira kuseri kwa mabokosi, kuyang'ana uku ndi uku, n'kugwada. Ndinaomba m'manja kawiri.

Amene ankakhala mwana wanga tsiku limenelo anali mtsikana wina wapakamwa posapuma, bambo ake apolisi. Anandilondola. "Iii, taonani uyu! Nkhuku zake zimadya ndi ndiwo!" Kalasi yonse inaseka. Ine ndi makani anga aja ndinayankha monyada kuti kwathu timatero.

Pensulo ya aphunzitsi inaima. Ndikukumbukira bwino chifukwa inali isanaimepo chiyambire. Anadzuka, n'kundilanda mbale ija m'manja. "Nkhuku sitizigwadira, mwanawe." Analankhula motsitsa, nkhope ili gwa. Kenako anauza kalasi kuti kuyambira tsiku limenelo ine ndine kondakitala wa basi, ndipo amayi akhala wina. Mtsikana kukhala kondakitala! Ndinalira mpaka mamina, ndipo ndinadana nawo aphunzitsiwo ndi mtima wanga wonse.

Poweruka anandiitana ndekha. Analowetsa chivindikiro chija m'kathumba kanga ka sileti. "Ukawapatse amayi ako. Ukanene kuti aphunzitsi akuti nkhuku zakula, khola lachepa."

Ndinakapereka uthengawo ndikufwenthera. Amayi anali akupeta, ndipo lichero linaima m'malere. "Wanena chiyani kusukulu?" Ndinati sindinanene kanthu. Anandiuza kuti ndiwaonetse mmene ndinasewerera, ndipo ndinawaonetsa zonse pabwalo pomwepo, mpaka kugwada ndi kuomba m'manja. Sanandimenye. Anangogwira pakamwa, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa chikoti.

Dzuwa lisanapendeke amalume anatuluka atavala ovololo yakale ya bambo, mtolo wa nkhuni pamutu, kulowera cha ku Michiru ngati munthu wobwerera nazo nkhuni zosagulidwa. Amayi anasesa m'kanyumbamo, n'kusamutsiramo nkhuku zonse zisanu ndi imodzi, kuti zidetsemo.

Koma apolisi anadzabwerabe. Ndani anaulula? Funso limenelo linakhala m'banja mwathu zaka zambirimbiri. Amayi mpaka kumwalira ankati ndi aphunzitsi. Ankati kabuku kaja kankapita kupolisi, ndipo uthenga wa khola unali wongosambira m'manja, kuti mbali iliyonse ikapambana iwo akhale oyera. Kutchalitchi anasiya kuwapatsa moni. Amalume atabwerako patapita chaka ankati ayi, wakutsina khutu ndi mnansi. Amayi ankayankha kuti mnansi wake uti wokhala pakampando kumalemba ana a eni. Aphunzitsiwo anachoka chaka chisanathe, ndipo amene anabwera pambuyo pawo anawotchera madzi a tiyi mabokosi aja.

Ineyo ndaphunzitsa ana aang'ono mpaka kupuma pantchito, ndipo kanyumba ka pakona ndinkamanga m'kalasi iliyonse. Ndikudziwa zimene mwana amatulutsa akamasewera. Ndaonapo bambo womenya, mayi wobisa botolo, maliro amene mwana sanauzidwe. Kabuku nanenso ndinali nako. Koma ndikanama ndikati mtima wanga unakhazikika pa aphunzitsi aja. Masiku ena ndimati anapulumutsa amalume. Masiku ena ndimafunsa kuti nanga m'masabata onse aja ankalemba chiyani, ndipo kabukuko kanathera kuti. Mwana wa apolisi uja nayenso anali ndi pakamwa, ndipo oyandikana nafe anali ndi maso.

Apolisi anabwera Loweruka m'mawa, pa Landirova, atatu. Sanalowe m'nyumba. Sanafunse ndi dzina lomwe. Analunjika kuseri, kukankha chitseko cha kanyumba kankhuni ndi nsapato, ndipo nkhuku zinatuluka zikuuluka, nthenga ponseponse. Mmodzi anaponda zitosi n'kutukwana. Anafunsa amayi za mlongo wawo, amayi anati ali ku Mulanje. Anatembenukira kwa ine, nanenso ndinati ali ku Mulanje.

Galimoto itapita, amayi anakhala pansi pamatope pomwepo, miyendo ili tambalale. Ine ndinaona kuti nkhani yatha bwino. Nkhuku zinali nkhuku zenizeni tsopano, ndipo panalibenso wozigwadira. Ndinatenga chivindikiro changa pawindo, n'kukaima patsogolo pawo.

"Amayi, ndiye Lolemba aphunzitsi andibwezera umayi wanga?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati kumaso, koma m'mawondo. Ine ndinaganiza kuti aona matope, ndipo ndinayamba kudzipukuta.