Waranti ndi Alamu Anga

Galimoto yanga ndi ya mabwana, ya mipando yachikopa, koma yakalamba. Ndinaigula pa garaja ina ku Blantyre nditangotumizidwa kudzagwira ntchito pa Phalombe Boma. Chaka chatha eni garajayo anandiimbira foni kuti waranti ikutha, ndiwonjezere. Ndikalipira ndalama ina, galimoto ikawonongeka azikonza iwowo. Koma anaika lamulo limodzi: munthu wina aliyense asatsegule boneti.

Apo ndi pamene ndinakodwa. Amene amatsegula boneti imeneyi ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga, makaniko wa njinga zamoto ku Chiringa. Sapempha. Akangomva kaphokoso amabwera ndi sipanala, ndipo chimene sakuchidziwa amachimanga ndi mphira. Zimandiwawa mpaka m'mafupa, koma ndinakwatira kwawo, nyumba yanga ili pa malo a banja lawo. Ndingawauze bwanji kuti anthu a ku Blantyre aletsa manja awo?

Kuigulitsa nakonso sindingathe. Ukwati uliwonse wa kutchalitchi kwathu mkwatibwi amakwera imeneyi, ndipo tsiku limene ndidzaigulitse anthu adzati ndagwa.

Sabata imene anandiimbira foniyo ndinangokhalira kuzazira ana popanda chifukwa. Loweruka m'mawa ndinatsimikiza mtima kuti ndipita ku Blantyre kukalipira warantiyo, zivute zitani. Nditatuluka ndi makiyi, ndinapeza miyendo iwiri itatulukira pansi pa galimoto, mabawuti ali mbwee pa dothi.

"Alamu, musadandaule," anatero mawu ochokera pansipo. "Galimoto yathuyi sindingaisiye ivutike."