Kanyimbi wa m'chulu cha pa puloti yathu

Ndikukumbukira ndinali mu Sitandade thuu, ufulu utangobwera kumene, pamene atate anapeza puloti kunja kwa Kitwe, cha ku mtsinje wa Kafue. Masiku amenewo kopa anali ndi mtengo, ndiye aliyense ankafuna nyumba yakeyake. Ya ku mgodi kumene atate ankagwira ntchito si yako, ukadwala chifuwa amakutulutsa. Ndipo atate anali atayamba kale kutsokomola.

Malowo inali nkhalango ndithu, masuku, bowa, ndi zulu zazitali kuposa nyumba. Pa puloti yathu panali chimodzi, atate n'kukondwa, poti dothi la chulu ndiye la njerwa. Amai anali ndi pakati pa mng'ono wanga Agnesi, uja ali ku Ndola miyendo ikumuvutayu, ndiye ankandituma kukawagamulira dothi la chulu kuti adye, monga achitira azimayi oyembekezera.

Ndi mmene ndinakumanirana ndi kanyimbi. Dzuwa likupendeka anatuluka pa una, wochepa kuposa mphaka, wakuda bii, mizere yoyera kumsana, miyendo ifupiifupi. Ine kupusa, ndinasendera kuti ndione bwino. Anangotukula mchira. Mayo ine! Diresi ija amai anaichapa ndi sopo, ndi phulusa, mapeto ake anaikwirira. Ku Misa ndinakhala ndekha benchi yonse.

Mwezi wotentha uja, atate akaweruka ku shifiti ankapita kukagumula chulu ndi piki, ife tikuponda matope. Njerwa zinkafunika kuotchedwa mvula isanagwe. Tsiku lina piki inaboola mphako, atate anasuzumira, n'kuika piki pansi. Munali tiana ta kanyimbi, tosatsegula ndi maso omwe.

"Atate ake Tereza, mwaimiranji?" anafunsa amai. "Mitambo simukuiona?"

"Muli ana umu."

"Ana? Nanga ali m'mimba mwangamu ndi dzungu?"

Atate sanaseke. Anati, "Amake Tereza, ine ndimakhala pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku. Ndimadziwa mmene mtima umachitira dothi likayamba kuthothoka pamutu. Timpatse masiku, awasamutsa yekha."

Ine anandiuza kuti ndisamuponyere mwala, amadya mbewa, ziwala, ngakhale tinjoka, ndipo fungo lija ndiye mkondo wake wokhawo.

Oyandikana nafe anali Ba Mulenga, Mbemba, ndipo mukudziwa chimbuya cha ife akum'mawa ndi Abemba, kunyozana basi. Atamva anafuula ali pa puloti yawo: "Ba Phiri, mwasunga m'bale wanu wodya naye mbewa?" Atate anati, "Odya anyani musalowerere nkhani za anthu!" Tonse tinaseka. Ndiko kuseka komaliza pa nkhani imeneyi.

Kanyimbi uja anasamukadi. M'mawa wina ndinamuona atanyamula kamwana kukamwa, akuthamanga, kuima, kununkhiza, kubwerera. Ndipamene ndinayang'ana bwino kumene ankafuna kupita. Nkhalango ija kunalibe. Ootcha makala anali atagwetsa mitengo mpaka ku mtsinje, kwangotsala zitsa ndi utsi, uku thalakitala ikulambula msewu. Chulu chotsala pafupi chinali chimodzi, cha Ba Mulenga. Analowa mmenemo.

Atate anapita kukawapempha, chipewa chili m'manja. Ba Mulenga sanali munthu woipa ayi, maliro alionse ankayamba kufika ndi iwo. Anati mwaulemu wa Chibemba, "Mukwai, ndamva. Koma ine ana anga ali seveni m'chipinda chimodzi. Ndidikire kanyimbi, mvula indidikira?" Atate anavala chipewa n'kubwerera.

Ba Mulenga anagumula chulu chawo Loweruka. Agalu awo ndi amene anamaliza. Ine sindinaone, ndinangomva fungo lija litadzaza dera lonse, lamphamvu kuposa kale, kenako masiku akupita linazilala. Tiana tinapezeka m'matope a njerwa.

Sabata yomweyo mvula inagwa. Njerwa zathu zosaotcha zinasungunuka ngati phala. Agnesi anabadwira m'nyumba ya mgodi, ndipo amai anakhala nthawi osawayankhula bwino atate. Nyumba tinadzamanga chaka chinacho, atate chifuwa chitakula, akupumira pa njerwa iliyonse.

Ndagulitsa ku msika wa Chisokone mpaka imvi izi. Obweretsa makala pa njinga ndimawafunsa ngati amamuonako kanyimbi kumene amadula mitengo. Achikulire amati kalekale. Anyamata amayesa ndikuwatukwana.

Kwa zaka zambiri ndinkakwiyira Ba Mulenga. Pano ndinasiya, nanenso makala ndimaphikira, ndipo nyumba zonse ndagonamo ndi za dothi la chulu. Atate sanalakwe, koma chimene anali nacho choti ampatse kanyimbi uja anali masiku okha. Malo tinali titamulanda kale tonsefe, aliyense ndi chifukwa chake chomveka. Ukauza mayi kuti nyamula ana ako samuka, uyambe wayang'ana ngati kwatsala koti apite. Ife palibe anayang'ana.