Dzanja Lamanzere pa Bolodi

Teremu yatha, pasukulu yathu ku Kadewere, ndinkaphunzitsa masamu, mutu wa kirosi prodakiti ya mavekita, mizere ija timaijambula ngati mivi. Kuti udziwe kumene muvi wa yankho ukuloza, umapinda zala za dzanja lamanja. Koma lamanjalo linagwira choko, ndiye ndinapinda lamanzere. Muvi unaloza pansi m'malo mwa kumwamba.

"Aphunzitsi, dzanja lake si limenelo," anatero Asiyatu, mtsikana wamanyazi amene anali asanayankhulepo m'kalasi.

"Titsimikize ndi samu ina, ya doti prodakiti," ndinatero. "Ikatuluka ziro, ndakhoza."

Inatulukadi ziro. Komatu ndinkadziwa bwinobwino kuti kaya muvi uloze kumwamba kaya pansi, doti imapereka ziro basi.

Asiyatu anaimirira, manja kumbuyo. "Pepani aphunzitsi, ndalakwitsa."

Ine ndi ndevu zangazi ndinati, "Palibe kanthu, mwanawe."

Mpaka lero sanakwezenso mkono.